Laisensi ya lole: poyambira ndi ku VID

Ku Mufakose, Mbare ndi Dzivaresekwa ku Zimbabwe, komwe kuli zidzukulu zambiri za Amalawi, anyamata amandifunsa ngati angapeze laisensi ya lole osalipira sukulu yoyendetsa galimoto. Ndimawauza kuti sukulu sipereka laisensi. Amene amayesa munthu ndi a VID, monga ku Eastlea kapena Belvedere.

Gawo loyamba mungalikonzekere muli pakhomo. Werengani Highway Code, mukalembe mayeso a provisional a mafunso 25. Zaka zanu zikhale zitakwana 18. Laisensi ya lole anthu amaitchulabe Class 2, ngakhale makhadi atsopano a 2023 amatsata zilembo za SADC.

Povuta ndi lole yeniyeniyo. Wophunzira sayendetsa yekha. Pambali pake pakhale dalaivala wa laisensi, ndipo galimoto ikhale ndi chikwangwani cha L. Ngati amalume ali ndi lole, mwayi ndi wanu. Komabe kubwerera chambuyo pakati pa migolo ndi kunyamuka pamtunda kumagwetsa ngakhale amene akhala zaka akuthandiza pa lole. Ine ndingalipire maphunziro ochepa a zimenezo basi.

Wina akati "ndikugulirani laisensi", mukaneni. Umenewo ndi mlandu. Mukapambana mayeso a VID, makampani ambiri adzafunanso satifiketi ya defensive driving ya Traffic Safety Council of Zimbabwe.