Wovulala pa Ntchito ku Chelstone, Amulipire Ndani?

M'mbali mwa msewu wa Great East, chakufupi ndi thanki yamadzi ya ku Chelstone, ntchito zamanja zimayamba dzuwa lisanakwere. Owotcherera zitsulo ali kalikiliki ndi mageti, anyamata akuumba mabuloko a simenti, ena ali padenga kukhoma malata. Ambiri mwa iwo alibe magalasi oteteza maso kapena nsapato zolimba. Makina odulira chitsulo akalanda chala, kawirikawiri abwana amangopereka kandalama ka mankhwala, munthu n'kupita ku kiliniki ya Chelstone kapena kuchipatala cha Levy Mwanawasa, nkhani n'kuthera pomwepo.

Komatu lamulo silitero.

Anthu a mu Lusaka akamva za chipukuta misozi amaganiza za kumigodi, ndipo m'pomveka. Pa 25 September 1970 matope anakwirira anthu 89 mumgodi wa Mufulira. Mu April 2005 fakitale yopanga zophulitsira miyala ya BGRIMM inaphulika ku Chambishi, n'kupha antchito oposa 40. Ngozi zoterezi zimagwedeza dziko lonse. Koma mmisiri wogwa pamakwerero ku Chelstone salembedwa m'nyuzipepala, chikhalirecho banja lake limagona ndi njala chimodzimodzi.

Lamulo la chipukuta misozi la antchito la mu 1999 linapereka udindo wolipira ovulala ku bungwe la Workers' Compensation Fund Control Board, lomwe likulu lake lili ku Ndola ndipo lili ndi ofesi ku Lusaka. Wolemba anthu ntchito ndiye amalembetsa ndi kusonkha ndalama kuthumba la bungweli. Apa ambiri amasokonezeka, chifukwa anazolowera bungwe la penshoni la NAPSA ndi la inshuwalansi ya zaumoyo la NHIMA, amene amadula ndalama pamalipiro. Kunoku wantchito sadulidwa ngakhale ngwee imodzi.

Thumbali limalipira chithandizo cha kuchipatala, limathandiza munthu pa nthawi imene sangathe kugwira ntchito, ndipo limapereka ziwalo zoikirira kwa amene wataya mkono kapena mwendo. Madokotala akayeza kukula kwa chilema, wovulala amalandira ndalama kamodzi kapena penshoni ya mwezi ndi mwezi. Akamwalira, thandizo limapita kwa mkazi kapena mwamuna wake ndi ana. Matenda obwera ndi ntchito, monga a m'mapapo oyamba ndi fumbi la miyala, nawonso amawerengedwa.

Antchito a m'nyumba sanasiyidwe kunja. Mayi wochapa ndi kuphika m'nyumba ya munthu, kapena bambo wosamalira maluwa, ayenera kulembetsedwa ndi amene anamulemba ntchito. N'zomvetsa chisoni kuti mabanja ambiri amene amadandaula za mabwana awo mutauni saganizako zimenezi pa wantchito wa pakhomo pawo.

Pamene zinthu zimathina ndi pa umboni. Ngozi iyenera kunenedwa ku bungweli msanga, ndipo udindowo ndi wa abwana. Ena amabisa poopa kuti zidziwika kuti sanalembetse, wovulala nayenso amakhala chete poopa kuchotsedwa ntchito. Pakapita miyezi, mboni zabalalika, mapepala a kuchipatala asowa.

Choncho mukavulala, uzani abwana tsiku lomwelo, fotokozani kuchipatala kuti mwavulalira pa ntchito, sungani pepala lililonse ndi mayina a amene anaona. Abwana akamazengereza, pitani nokha ku ofesi ya bungweli kapena ku ofesi ya zantchito mukanene.