Savoy: lesitilanti ya ku Finland imene yasunga maonekedwe ake kuyambira 1937

Mumzinda wa Helsinki, likulu la dziko la Finland, muli lesitilanti yotchedwa Savoy imene anthu amapitako osati kukadya kokha, komanso kukaona mipando, nyale ndi makoma ake. Inatsegulidwa mu 1937 pansanjika yapamwamba ya nyumba ina ya mumsewu wa Eteläesplanadi, moyang'anana ndi paki ya Esplanadi.

Amene anakonza mkati mwake ndi akatswiri a zomangamanga Alvar Aalto ndi mkazi wake Aino Aalto. Awiriwa sanangojambula chipinda n'kusiyira ena kuti agule katundu. Analingalira zonse pamodzi, kuyambira kudenga mpaka patebulo, ndipo anagwiritsa ntchito kwambiri matabwa kuti malowo asazizire m'maso. Mipando inachokera ku Artek, kampani imene iwo anayambitsa mu 1935 mogwirizana ndi Maire Gullichsen ndi Nils-Gustav Hahl. Nsalu zina anakonza ndi mmisiri woluka, Dora Jung.

Zinthu ziwiri za m'lesitilantiyi zinatchuka mpaka kunja. Choyamba ndi nyale yamkuwa yolendewera, yooneka ngati belu, imene imatchedwa Golden Bell. Chachiwiri ndi chotengera maluwa chagalasi chokhala ndi milomo yokhotakhota, chimene Alvar Aalto anapambana nacho mpikisano wa kampani ya Karhula-Iittala mu 1936. Chinaonetsedwa pachionetsero cha dziko lonse ku Paris mu 1937, ndipo popeza chinaikidwanso mu Savoy, ambiri amachitchula ndi dzina la lesitilantiyo. Kampani ya Iittala ikuchipangabe mpaka lero.

Mbiri ya malowa ndi yolumikizananso ndi Carl Gustaf Mannerheim, mkulu wa asilikali amene anakhala pulezidenti wa Finland kuyambira 1944 mpaka 1946. Iye ankakonda kudyera kumeneko, makamaka chakudya chotchedwa vorschmack, chimene ndi nyama yogaya yosakaniza ndi nsomba yamchere ndi anyezi.

Koma chakale chimatha, ndipo apa ndi pamene malo ambiri otere amatayira mbiri yawo: eni ake amachotsa zonse n'kuika zamakono. Savoy sinatsate njira imeneyo. Pokonzanso malowa, ntchito imene inatha mu 2020, katswiri wa ku London, Ilse Crawford, anagwira ntchito ndi Artek, ndipo mipando yakale inakonzedwanso m'malo moitaya. Nthawi yomweyo khitchini inaperekedwa m'manja mwa Helena Puolakka, wophika wa ku Finland amene anagwirapo ntchito ku London.

N'chifukwa chake mlendo wolowa mu Savoy lero amadyera m'chipinda chimene akanachizindikira anthu amene anadyeramo zaka zoposa 80 zapitazo.