Ndelema ndi Abale Ake Akupha

Mvula ikakhazikika m'mwezi wa Disembala, nthaka ya m'nkhalango itafewa pansi pa mitengo ya mombo, tsamba ndi msuku, amayi amalawirira ndi malichero kukazula ndelema, bowa wamkulu woyera uja woderako pakati, amene anzathu a ku Zambia amutcha tente, a ku Zimbabwe namutcha nhedzi. Bowa ameneyu salimidwa, pakuti timaulusi take timalukana ndi mizu ya mitengo, iye napatsa mtengo madzi ndi michere ya m'nthaka, mtengo numbwezera chakudya. Chotero wootcha makala akagwetsa nkhalango, wagwetsa ndi ndiwo zomwe za mudzi.

Akatswiri amuwerenga ndelema m'fuko la Amanita, namulemba Amanita zambiana m'chaka cha 1980, ndipo m'fuko lomwelo muli wina woopsa koposa bowa yense, Amanita phalloides. Kwawo ndi ku Ulaya, koma anafika ku South Africa pamodzi ndi mitengo yachilendo, monganso anafikira Amanita muscaria, wofiira wa mawangamawanga oyera, womera m'minda ya paini. Pamenepa m'pamene pagona nkhawa yanga: nzeru za agogo, zimene zasunga mibadwo yambiri, zinaphunziridwa pansi pa mombo, osati pansi pa mitengo yobwera, ndipo Amanita phalloides wakuphayo, ngakhale chipewa chake chimakhala chobiriwirako, ali ndi thumba patsinde, mkanda pakhosi ndi timizere toyera kunsi monga ndelema yemwe. Akulu anati safunsa anadya phula.

Ululu wake sutha ndi kuphika, kapena kufutsa, kapena kuyanika, ndipo theka la chipewa chimodzi likhoza kupha munthu wamkulu. Nkhono ndi tizilombo zimamudya osafa, choncho kuona bowa wobooledwa sikuti ndi umboni wakuti ngwabwino. Chomvetsa chisoni n'chakuti wodyayo amagona mumtendere, pakuti kusanza ndi kutsekula m'mimba kumayamba patapita maola 6 kufikira 24. Pambuyo pake matenda amaoneka ngati aleka, abale nayamika Mulungu, pamene chiwindi chili kuwonongeka mwakachetechete, kufikira maso atasanduka achikasu patapita masiku atatu kapena anayi.

Chifukwa chake aliyense wodwala m'mimba atadya bowa wam'tchire afulumire kuchipatala tsiku lomwelo, pamodzi ndi onse amene anadya naye, angakhale iwo osamva kanthu, ndipo atenge bowa wotsalayo kuti madokotala akamuone.