Telala Wosoka Khonde la Galimoto

Munthu akawabweretsera chinsalu chong'ambika, a Telala sathamangira kuona pamene pang'ambikapo. Amachiyala pansi, n'kugwada, n'kuyamba kukanda msoko ndi chikhadabo cha chala chachikulu, monga amachitira mlimi pofuna kudziwa ngati chimanga chauma. Ulusi ukakhala wolimba, amapitirira. Ukayoyoka ngati phulusa la fodya, amadzuka n'kudzisansa m'mawondo.

"Nsaluyi sinafe, achimwene," anandiuza tsiku loyamba. "Wafa ndi ulusi. Koma mwini wake akufuna kutaya zonse."

Ndinawapeza m'shedi ina kum'mawa kwa Johannesburg, cha ku Kempton Park, komwe ndege zokatera pa OR Tambo zimadutsa ngati zikhudza denga. Kwawo ndi ku Mangochi. Bambo awo anabwera ku Joni ndi Wenela kudzakumba golide, Kamuzu asanaimitse maulendowo ndege itagwa ku Francistown mu 1974. Koma a Telala sanalowe pansi pa nthaka. Anaphunzira kusoka ali mnyamata pakhonde la sitolo ina ku Limbe, pamakina opalasa a Singer, akusoka mayunifolomu a sukulu ndi kupinda zitenje. M'shedimo ambiri amangowaitana kuti madala, koma anzathu akumudzi amati a Telala. Lero ali ndi imvi, ndipo amasoka zinthu zomwe ambiri a ife sitinazigwirepo: zinsalu zamthunzi za makalavani.

Kalavani ndi kanyumba ka matayala kokokedwa ndi galimoto, ndipo palinso magalimoto ena okhala ndi bedi, khitchini ndi chimbudzi m'kati momwemo. Ku South Africa zoterezi si zachilendo. Kampani ya Jurgens inayamba kupanga makalavani m'zaka za m'ma 1950, ndipo mpaka pano mafakitale akatseka pakati pa Disembala, misewu yopita kunyanja yamchere ndi kunkhalango ya nyama ya Kruger imadzaza nawo. Poti m'kati mwake ndi mothithikana ndiponso motentha, anthu amatha tsiku lonse panja, pansi pa chinsalu chotambasulidwa kuchokera pakhoma la kalavaniyo. Pamenepo m'pamene amaikapo mipando, kumwerapo khofi ndi kudikirirapo nyama ipse. Ife tikanati ndi khonde.

"Ndiye mwaonatu," anaseka a Telala. "Ndinayambira pakhonde, ndikuthera kusoka khonde. Khonde lakana kundisiya."

Za tepi, choko ndi sizasi sindichulutsa gaga m'diwa, telala aliyense amazidziwa. Chosiyana n'chakuti nsalu imodzi imatalika mamita 4 kapena 5, n'kulemera mwakuti makina apakhonde angathyole singano pamsoko woyamba. Kuno amagwiritsa ntchito makina amagetsi a Juki kapena Adler, omwe phazi lake limayenda limodzi ndi nsalu. Nzeru zonse zili m'mphepete. Mmenemo amasokereramo chingwe cholimba, chonenepa ngati pensulo, ndipo chingwecho n'chomwe chimalowa m'kangalande ka aluminiyamu kokhomedwa pakhoma la kalavani. Mbali inayo nayo ili ndi chingwe cholowa m'kangalande ka paipi yokulungirapo nsaluyo. Palibe guluu. Khonde lonse limalendewera pachingwe ndi pamsoko wake, ndipo msokowo ukakhota pang'ono chabe, nsaluyo idzakulungika mopendama mpaka kutha kwake.

Masiku ano eni makalavani ambiri safunanso kupita kwa amisiri. Amagula nsalu yosoka kale pa intaneti, n'kuonera kanema pa YouTube, n'kuitana mlamu ndi mwana Loweruka m'mawa. Zimenezi n'zofala kwambiri ku America, komwe dera la Elkhart ku Indiana limapanga ambiri mwa magalimoto ogonamo a dzikolo, ndipo makampani ngati Dometic ndi Carefree amagulitsa nsalu zosinthira za miyezo yodziwika kale. A Telala sakana kuti munthu wodekha akhoza kukwanitsa. Amasule masikuluwu ogwira nsalu kumapeto kwa kangalande, aboole maliveti a chivindikiro cha paipi, asolole yakaleyo. Atsuke kangalandeko, apale pakamwa pake ndi tupa kuti pasacheke yatsopano, apoperemo silikoni kuti muterere. Kenako wina akwere makwerero azilowetsa chingwe pang'onopang'ono, awiri ali pansi atanyamula paipi, akuyenda nayo mofanana. Mutu umodzi susenza denga, ndipo apa dengalo ndi denga ndithu.

Mnyamata wa ku Nkhata Bay yemwe amapachika makondewo pamagalimoto anandiyang'ana ngati ndanena zachibwana nditati ntchitoyo ikuoneka yosavuta.

"Ankolo, kanema sakuuzani mmene sipuling'i imamvekera m'manja."

Anandionetsa. M'kati mwa paipi ya khonde lokoka pamanja muli sipuling'i yopotedwa zolimba, ndipo ndi yomwe imabweza nsalu ukamaliza kucheza. Usanamasule dzanja la khonde, uyenera kuitseka ndi kapini, kapena kuigwira ndi pulayala yoluma n'kuibweza pang'onopang'ono uku ukuwerenga kuti wazunguliza kangati, poti pomanga udzaipotanso kangati komweko. Ikakupulumuka, pulayalayo imazungulira ngati chopukusira ndege.

"Wina anafika pano Lolemba, dzanja lili m'bandeji, nsalu ili m'buti, sipuling'i ili m'jumbo. Akuti, 'Ndithandizeni, koma musandidulitse, theka la ntchito ndagwira kale.' Theka lake liti? Ife timayamba ndi kukonza zomwe waononga."

Wodula nsalu m'shedimo ndi mayi wobadwira ku Kadoma ku Zimbabwe, koma agogo ake anachokera ku Dedza kukagwira ntchito kumigodi. Chichewa chake chimanunkhira Chishona. Iye dandaulo lake ndi miyezo.

"Amayeza nsalu yakale yomwe inatanuka kalekale. Ena amayeza khonde lonse n'kuitanitsa nsalu ya muyezo womwewo. Sadziwa kuti timawerenga kuchokera pakati pa dzanja ili kufika pakati pa dzanja ilo, ndipo nsaluyo imachepa ndi masentimita ngati 25. Ikafika yaitali, ndiye 'mayi, tadulaniko pang'ono.' Safunsa anadya phula."

Ndi mayi yemweyu amene anandiphunzitsa kusiyanitsa nsalu. Ya pulasitiki ya PVC silowa madzi, koma ukaikulunga yonyowa, ukadzaitambasula upeza yachita chuku, fungo lake ngati thumba la chimanga chovunda. Ya akiliki, monga Sunbrella yomwe kampani ya Glen Raven inayamba kupanga mu 1961, ndi yolukidwa, mphepo imadutsa, ndipo mtundu wake sufwifwa msanga chifukwa utoto umalowa mu ulusi asanaluke. Oyenda m'tchire amakonda nsalu ya tenti yolukidwa timabokosi, yomwe ikabooka ndi minga, chibowocho sichithamanga.

Zonsezi a Telala ankamvetsera mwaulemu, koma mtima wawo sunali pamenepo. Iwo nkhani yawo ndi ulusi, ndipo amaukamba monga ena amakambira za Bullets ndi Wanderers. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, ndipo dzuwa lake limaluma kuposa mmene kuzizira kwa mphepo yake kumakunamizira. Kukabwera matalala a dzinja, zimathera pomwepo. Nsalu imapirira, koma kaulusi kali pamwamba pa msoko kamapsa tsiku ndi tsiku. Anatsegula kabati n'kundiyalira mipukutu patebulo ngati wogulitsa mankhwala pamsika.

"Uwu wa nayiloni, ndi wolimba m'nyumba, padzuwa ndi mwana. Uwu wa poliyesitala wothiridwa mankhwala, umakhalako zaka zingapo. Uwu wosakaniza ndi thonje ndimaukonda patenti, chifukwa ukanyowa umafufuma n'kutseka pomwe padutsa singano. Koma mfumu ndi uwu."

Unali mpukutu waung'ono wa ulusi wa PTFE, womwe kampani ya Gore imagulitsa ndi dzina loti Tenara. Dzuwa siliudya, mvula siiuvunditsa. Nsalu imayamba kutha, iwo ulipobe. Koma mtengo wake umaposa wa unzake kangapo, ndipo ndi woterera mwakuti makina amadumpha misoko ngati wosokayo sadziwa kuwakunga bwino. A Telala amadziwa. Amamva ndi khutu makina akayamba kudumpha, asanaone n'komwe.

Apa m'pamene nkhani ya luso inasanduka nkhani ya ndalama, ndipo nkhope zonse zinasintha. Kasitomala akamva mitengo iwiri, amasankha wotsika, chifukwa misoko iwiriyo imaoneka chimodzimodzi patsiku loilandira. Kusiyana kwake kudzaoneka zaka zitapita, ali kutali, mphepo itawomba usiku.

"Ukasoka ndi ulusi wabwino, munthuyo sudzamuonanso," anatero a Telala. "Ukasoka ndi woipa, abweranso pakapita zaka zitatu, koma akutukwana. Ndiye tandiuzani achimwene, ndidye ziti?"

Ndinalibe yankho. Malipiro awo amatengera zomwe asoka. Mu Novembala ndi kumayambiriro kwa Disembala amagwira mpaka usiku, msana kuuma gwa. Isitala ikangodutsa, kuzizira n'kuyamba, amatha masiku akungopukuta makina. M'chaka cha 2023 magetsi ankazima maola ambiri patsiku, ndipo mnyamata wa ku Nkhata Bay uja amati madala ankangokhala phee, kulakalaka Singer yawo yopalasa. Lendi sadikira nyengo. Kumudzi nako amadikira uthenga wa Mukuru mwezi ndi mwezi. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala chaka chomwecho, malandi awo anaoneka ngati achuluka, koma mtengo wa feteleza unawameza asanafike n'komwe m'manja mwa akazi awo.

Ndinafunsa chifukwa chake munthu waluso lotere satsegula shedi yakeyake. Mayi wodula nsalu uja ndiye anayankha, maso ali pasizasi.

"Ndi mapepala ati?"

Palinso china chomwe chikuwadya pang'onopang'ono. M'mafakitale aakulu nsalu za PVC sazisokanso kwenikweni. Amazimata ndi makina otenthetsa, misoko n'kugwirana popanda singano kapena ulusi, ndipo madzi alibe polowera. Zambiri zimabwera kuchokera kunja zili m'makatoni, zotsika mtengo kuposa nsalu yosadula yomwe. Anyamata obwera kumene kuchokera kumudzi safuna kukhala zaka akuphunzira kukunga makina. Amakalima m'mayadi, kapena kupeza njinga yamoto n'kumaperekera anthu zakudya, ndalama n'kuiona sabata yomweyo.

"Ku Limbe anandithamangitsa ndi kaunjika," anatero a Telala. "Kuno akundithamangitsa ndi katoni."

Kunena zoona, mtima wanga unagawanika. Kwathu timamulemekeza munthu wodzikonzera njinga, wodzifolerera nyumba, wosadikira kulipira wina pa chilichonse. Nanga ndingamudzudzule bwanji bambo wa ku Benoni yemwe wasonkhanitsa banja lake Loweruka kuti asinthe yekha nsalu ya khonde lake? Wachita bwino, ndipo akagwira sipuling'i mosamala, wapulumutsa ndalama zake. Chomwe chimandisowetsa mtendere ndi mawu omwe amanena akamaliza, atakhala pamthunzi, botolo lili m'manja: ndachita ndekha. Iye walowetsa chingwe m'kangalande. Koma chingwecho anachisokera m'nsalu ndi munthu wina, m'shedi ina ya dziko lina, ndipo munthuyo ndi yemwe anasankha, kapena kusankhiridwa, ulusi. Zinthu zosoka kale zikamachuluka, wosokayo amatalikirabe, mpaka timaiwala kuti alipo. A Telala amaonekabe chifukwa ali pafupi. Ungathe kubwerera kukawatukwana, ungathenso kubwerera kukawathokoza.

Tsiku lomaliza ndinawafunsa ngati anagonamo m'kalavani. Anaseka mpaka kutsokomola. Analowamo m'mazana, atanyamula tepi, nsapato atavulira pakhomo. Kugona amagona m'kachipinda ka malata kuseri kwa nyumba ya munthu, komwe mu Januwale mumatentha ngati uvuni wa mabanzi.

Kenako anatulutsa foni yosweka galasi n'kundionetsa chithunzi. Panali benchi la tomato ndi usipa m'mbali mwa msewu, mayi atakhala pampando, ndipo pamwamba pake panali chinsalu cha zigamba: chobiriwira, chotuwa, cha mizere yabuluu. Anachilumikiza kuchokera ku tizidutswa tomwe bwana anawalola kutola pansi, n'kuchitumiza pabasi yodzera ku Beitbridge, Tete ndi Mwanza. Ulusi wake unali zotsalira za m'mabobini, tating'onoting'ono ta mfumu ija, tomwe anasunga m'chitini kwa chaka chathunthu.

Ndinakulitsa chithunzicho ndi zala kuti ndione misoko. Inali yowongoka ngati mizere ya m'kope.

"Amayi akunyumba amenewo," anatero, akubweza foni m'thumba. "Chinsalu chimenecho ndinachisoka kuti ngakhale ine ndichedwe kubwerera, asadzasowe telala."