Maliro Opanda Mtembo: M'mene Mabanja a ku Kasungu Analirira Asilikali Ao

Chaka ndi chaka m'mwezi wa Novembala, pamene alimi a ku Kasungu ali kalikiliki kuthirira nazale za fodya ndi kuyembekeza mvula yoyamba, akuluakulu a Boma ndi a asilikali amasonkhana kukaika nkhata za maluwa pa zipilala za chikumbutso ku Zomba ndi ku Lilongwe. Mwambo umenewu ngwoyenera ndithu. Koma lero tifuna kukumbutsa awerengi athu za anthu ena amene sachulidwa pa tsikulo, ndiwo amai, alongo ndi atsibweni amene anatsala kumudzi, nalira maliro a mwana amene mtembo wake sanauone.

ULENDO WAUTALI

Pa nkhondo yoyamba ya 1914 mpaka 1918, imene inafika m'dziko muno pomenyana ku Karonga pa 9 Sepitembala 1914, amuna pafupifupi 200,000 a m'Nyasaland anatengedwa kukasenza katundu wa asilikali pa nchito ya tengatenga. Ambiri anafa ndi njala, kamwazi ndi kutopa, naikidwa m'mbali mwa njira popanda chizindikiro. Obwerako anafika pamodzi ndi mliri wa chimfine wa 1918, umene unaonjeza manda pa manda.

Pa nkhondo yachiwiri ya 1939 mpaka 1945 ulendo unakula koposa. Amuna oposa 25,000 analembedwa usilikali, ambiri a iwo m'gulu la King's African Rifles, limene makolo athu ankalitcha Keyala. M'chaka cha 1940 anamenyana ndi Ataliyana ku Moyale, m'malire a Kenya ndi Ethiopia, ndiponso ku Tug Argan m'dziko la Somaliland. Mu 1942 ena anaoloka nyanja kunka ku Madagascar, ndipo mu 1944 analowa m'nkhalango za Burma, natsika chigwa cha Kabaw m'nyengo ya mvula yosalekeza kufikira ku mtsinje wa Chindwin. Kumeneko malungo anali mdani woopsa ngati zipolopolo za Ajapani.

CHIBALE CHA KUTALI

Akulu anati chibale ndi fupa, sichiola. Mau amenewa anatsimikizika kunkhondo. Malire amene Azungu analemba anagawa Achewa, ena ku Kasungu, ena ku Lundazi ndi ku Fort Jameson, kumene lero ndi ku Chipata. Asilikali a Northern Rhodesia Regiment anamenya nkhondo m'maiko omwewo, ndipo chilankhulo cha usilikali m'magulu onse awiri chinali Chinyanja. Tsono munthu wa mfunda wa Phiri akakomana ndi Phiri mnzake wa tsidya lina la malire, ankafunsana mudzi ndi mfumu, ndipo asanathe kukamba anapezana kuti ali pachibale. Mbale wotere, amene pa masiku a mtendere sakadadziwika konse, ndiye ankatseka maso a womwalira, kusunga tinthu take, ndi kudzafotokoza kwao m'mene anafera ndi kumene anagona.

CHISONI CHA KUMUDZI

Mbiri ya imfa kawirikawiri inkafika mochedwa, kudzera ku Boma ndi kwa mfumu. Apa ndipo panali chobvuta chachikulu. Pa mwambo wa Chichewa maliro ali ndi dongosolo lake. Mwini mbumba amauza amfumu, uthenga umapita kwa abale onse, anthu amagona pasiwa, adzukulu amakumba manda, ndipo pambuyo pake anamfedwa amameta, kusonyeza kuti chisoni chafika pomasuka. Nanga popanda mtembo adzukulu akumbe chiani? Nanga mkazi wotsala adziwe bwanji kuti ndi wamasiye ndithu, pakuti ena amene ananenedwa kuti asowa anatulukira pambuyo pake ali moyo? Mai wosaona manda a mwana wake salekeza kuyang'ana kunjira.

NCHITO YA MPINGO

Pamenepa mpingo unagwira nchito imene sitiyenera kuiiwala. Misyoni ya ku Chilanga, pafupi ndi Boma la Kasungu, inayambidwa m'chaka cha 1900 ndi Dr George Prentice wa ku Livingstonia, ndipo m'zaka za m'ma 1920 inaperekedwa m'manja mwa misyoni ya ku Nkhoma. Buku Lopatulika lathunthu m'Chinyanja linatuluka mu 1922. Chotero pofika nkhondo yachiwiri m'midzi yambiri munali mphunzitsi wodziwa kuwerenga, ndipo iyeyu ndiye ankawerengera nkhalamba makalata ochokera kunkhondo ndi kuzilembera mayankho. Kalata yabwino ndi yoipa zonse zinkadzera pakamwa pake.

Chiphunzitso cha kuuka kwa akufa chinapatsa anamfedwa chimene mwambo wokha sunathe kuwapatsa pa tsoka lotere. Mkristu akhulupirira kuti Mulungu adziwa pamene pagona mwana wake ali yense, kaya ndi kumanda a makolo, kaya ndi m'matope a ku Burma. Chotero mapemphero a maliro anatheka ngakhale panalibe bokosi. Amai a Chigwirizano, gulu limene linayamba mu mpingo wa Nkhoma m'masiku omwewo a nkhondo, anatenga udindo wochezera ofedwa, kuwatungira madzi ndi kuyimba nao usiku. Mpingo sunachotse mbumba pa malo ake, koma unaikulitsa, kotero kuti wolira wopanda mbale pafupi anapeza abale.

ZOTIPHUNZITSA LERO

Nkhani imeneyi siinathere mu 1945. Mu Novembala 2018 asilikali asanu ndi mmodzi a Malawi anaphedwa pafupi ndi Beni m'dziko la Congo ali pa nchito yosungitsa mtendere ya United Nations, ndipo mabanja ao analira monga analirira agogo athu. Ndiponso m'minda ya fodya ya ku Kasungu muli matenanti ochokera kutali, amene akaona maliro amadalira anansi ndi mpingo. Pajatu maliro nkulirana.

Chinanso ndi ichi: m'chaka cha 2021 bungwe la Commonwealth War Graves Commission linabvomera poyera kuti anthu osachepera 116,000 amene anafa pa nkhondo yoyamba, ambiri a iwo a mu Africa, sanakumbukiridwe ndi maina ao monga anachitira ndi Azungu. Pakati pao pali atengatenga athu.

Chifukwa chake tipempha inu aphunzitsi ndi inu a nchito za Boma, makamaka a m'dera la Mfumu Mwase ndi mafumu anzake. Asilikali a nkhondo ziwirizo atha pafupifupi onse, ndipo ana ao akalamba. Tumani ophunzira anu akafunse agogo ao kuti ndani wa m'banja lao anapita kunkhondo osabwera, mfunda wake, mudzi wake, ndi dziko limene anamveka komaliza. Funsaninso akulu a mpingo ngati mabuku akale a ubatizo alipo. Maina amenewo alembedwe m'buku losungidwa pasukulu kapena kwa mfumu, ndipo awerengedwe pa mapemphero a Novembala, kuti mbumba imve dzina la munthu wao likuchulidwa pakati pa anthu.