Kusoka Masiki Yansalu Panyumba: Malangizo kwa Mabanja Olankhula Chichewa ku Britain

Kuyambira pa 15 June 2020, anthu a ku England ankakakamizidwa ndi lamulo kuvala chotchinga pakamwa ndi pamphuno akamakwera basi kapena sitima, ndipo pa 24 July chaka chomwecho lamuloli linafika m'masitolo. Lamuloli linachotsedwa komaliza mu January 2022. Komabe fuluwenza, COVID-19 ndi matenda ena a m'chifuwa amabuka chaka chilichonse nyengo yozizira ikayamba. Malangizo a zaumoyo akadali akuti munthu amene ali ndi chifuwa, chimfine kapena kutentha thupi ayesetse kukhala panyumba, ndipo ngati sangachitire mwina koma kutuluka, avale masiki yomukwana bwino yokhala ndi nsalu zingapo zosanjikiza. N'chimodzimodzi pokaona agogo, mayi woyembekezera kapena wachibale amene akulandira mankhwala a khansa.

Masiki imathandiza pokhapokha itavalidwa. Imene imafinya makutu, kutsetsereka pamphuno kapena kuchititsa manyazi mwana wachinyamata imangothera m'thumba la jekete. N'chifukwa chake kapepala aka kakufotokoza mmene mungasokere masiki yooneka bwino, yochapidwa, imene munthu angaikonde, popanda kuwononga ntchito yake.

Mmene nsalu imatchingira

Tikamalankhula, kuimba, kutsokomola kapena kuyetsemula, timatulutsa timadontho tamalovu. Tina timagwa msanga, koma tina ndi tating'ono kwambiri moti timayandama mumpweya kwa nthawi, makamaka m'chipinda chotseka mawindo. Tizilombo toyambitsa matenda timayenda m'timadontho timeneti. Nsalu imagwira ambiri a timadonthoti tisanafike kwa anthu ena, ndipo imatetezanso pang'ono amene waivala.

Pa 5 June 2020, bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linalangiza kuti masiki yansalu ikhale ndi magawo atatu. Gawo lamkati, logunda nkhope, likhale la thonje lofewa lotha kuyamwa chinyezi cha mpweya wanu. Gawo lapakati ndilo sefa: nsalu yosaombedwa ya polypropylene, yofanana ndi ya timatumba topepuka togulira zinthu, ngati sitinamatidwe pulasitiki. Gawo lakunja likhale losayamwa madzi msanga, monga poliyesita kapena thonje losakaniza ndi poliyesita.

Masiki yansalu siposa masiki za FFP2 kapena FFP3 zogula ku famase. Ngati inuyo muli ndi matenda okuikani pachiopsezo chachikulu, sankhani zimenezo. Ndipo amene mumagwira ntchito m'zipatala kapena m'nyumba zosamalira okalamba, valani zimene akupatsani kuntchito. Yosoka nokha ndi yovala panjira ndi panyumba.

Nkhani ya chitenje

M'mabanja ambiri muli zitenje zimene zinabwera m'sutikesi kuchokera ku Lilongwe, Chipata kapena Tete, ndipo sizisowa zidutswa zotsala kwa telala. Chitenje chimakhala bwino kwambiri ngati gawo lakunja. Choombedwa mothinana chimagwira mapindo mosavuta, ndipo maluwa ake amachititsa kuti masiki ioneke ngati mbali ya chovala osati chizindikiro cha matenda. Amayi ambiri amasoka yofanana ndi duku kapena diresi ya ku tchalitchi, ndipo palibe cholakwa pamenepo.

Koma si chitenje chilichonse chimene chingathandize. Kwezani nsaluyo pawindo kapena pa getsi. Ngati kuwala kukudutsa mpaka mukuona timipata pakati pa ulusi, isiyeni. Imeneyo ndi yopyapyala. Chitenje chatsopano chimakhala chouma ndi sitachi ndi utoto wotsalira, choncho chichapeni kaye m'madzi otentha kamodzi kapena kawiri musanadule. Mukatero utoto sudzayabwa khungu, komanso nsalu idzafupikiratu. Mukadula musanachape, masiki imene inakukwanani Lolemba idzakhala ya mwana pofika Lachisanu. Zitenje zopakidwa zonyezimira zagolide zisiyeni zikhale za madiresi, chifukwa utoto wake umachoka m'madzi otentha ndipo umatseka mpweya.

Gawo lamkati likhale losiyana mtundu ndi lakunja, makamaka loyera kapena lotuwa, monga la pilo yakale yathonje. Izi si zokongoletsa chabe: zimakuthandizani kuti musatembenuze masiki n'kuika mbali yakunja pakamwa.

Kudula ndi kusoka

Mufunika sizasi, mapini, singano ndi ulusi, tepi yoyezera, lasitiki yopyapyala, ndi kawaya kofewa kotalika masentimita 10 mpaka 12. Makina osokera amafulumiza ntchito, koma yosoka pamanja imalimbanso ngati misoko ili yoyandikana.

Ya munthu wamkulu, dulani zidutswa zitatu, chilichonse masentimita 23 m'litali ndi 18 m'lifupi, ndi malasitiki awiri a masentimita 18. Nkhope zimasiyana, choncho yezani kaye: kuchokera pamwamba pa mphuno kufika kunsi kwa chibwano, ndi kuchokera patsogolo pa khutu lina kufika pa linzake. Abambo andevu zambiri awonjezere masentimita awiri m'lifupi, ngakhale kuti ndevu zimasiyabe mipata.

Yalani chitenje patebulo, mbali yamaluwa ikuyang'ana kumwamba. Ikani lasitiki imodzi kumbali iliyonse yaifupi, nsonga zake zili pamakona ndipo uta wake walozera mkati. Pamwamba pake ikani nsalu yamkati mozondotsa, kenako sefa pamwamba pa zonse. Gwirizani ndi mapini. Sokani mozungulira, kusiya sentimita imodzi m'mphepete, ndipo pamakona bwerezani msoko kawiri kapena katatu chifukwa ndi pamene lasitiki imakonda kuzuka. Kumunsi siyani kampata ka masentimita 5, mutembenuzire pamenepo. Mukatembenuza, sefa idzakhala pakati ndipo malasitiki adzatulukira kunja.

Sitani ndi ayironi yosatentha kwambiri. Polypropylene imasungunuka ikapsa, ndipo ikasungunuka siseferanso. Ikani kansalu kena pamwamba positapo.

Tsopano lowetsani kawaya kudzera pakampata kaja mpaka kafike m'mphepete mwa kumtunda, pakati penipeni. Pindani kaye nsonga zake kuti zisaboole nsalu n'kubaya tsaya. Sokani mzere pansi pake ndi m'mbali mwake kuti kasasunthe. Anthu ambiri amadumpha kawayaka poganiza kuti n'kosafunika, komatu ndi kamene kamatseka mpata waukulu kwambiri, wa m'mbali mwa mphuno. Mpweya umatsata njira yosavuta. Ukapeza mpata sudutsa m'nsalu ayi, ngakhale mutasanjikiza zisanu.

Chomaliza ndi mapindo. Pindani katatu mopingasa, mapindo onse akuyang'ana pansi mukaonera kunja, mpaka mbali zaifupi zitsale masentimita 8 kapena 9. Akayang'ana kumwamba amasanduka timatumba tosunga fumbi ndi madontho a mvula. Agwireni ndi mapini, kenako sokani mozungulira masiki yonse, kutsekeratu kampata kaja.

Lasitiki ikamapweteka makutu, kapena ngati mumavala duku kapena hijabu, sokani zingwe zinayi za nsalu, chilichonse masentimita 45, zomanga kumbuyo kwa mutu. Zingwe zimakokanso masiki kuti igwire nkhope bwino kuposa lasitiki.

Zokongoletsa zoyenera ndi zosayenera

Mukafuna kupeta dzina kapena duwa, petani pa chitenje chokha musanachiphatikize ndi zinazo. Singano ikadutsa m'magawo onse atatu pakati pa masiki imasiya timabowo tolunjika pakamwa. Pachifukwa chomwecho, pewani msoko uliwonse wosafunika kutsogolo. Mikanda, mabatani ndi zonyezimira zomata zimalemeretsa masiki, zimathothoka pochapa, ndipo mwana angathe kuzimeza. Musaikeponso kachibowo kotulutsira mpweya kamene kamapezeka pa masiki zina zogula: kamatulutsa mpweya wanu wosasefedwa, ndiye kuti amene mukufuna kumuteteza uja simunamuteteze. Ulusi wamtundu wowala wosokera m'mphepete, kapena zingwe za chitenje china, ndi zokwanira kuti masiki ioneke yosiririka.

Iyeseni musanasoke zina

Valani, finyani kawaya pamphuno, kokerani kumunsi mpaka kunsi kwa chibwano. Lankhulani mokweza kwa mphindi imodzi. Ikatsetsereka, fupikitsani lasitiki pomanga mfundo. Magalasi akachita nkhungu, mpweya ukuthawira kumtunda. Kwerani masitepe muli chivalire. Ngati mukubanika, nsalu zanu n'zokhuthala kwambiri, ndipo mpweya udzayamba kutulukira m'mbali. Mukakhutira, jambulani muyeso wake papepala lolimba kuti musoke zina. Munthu aliyense akhale ndi zitatu kapena zinayi, ndipo asabwerekane, ngakhale ali ana a mimba imodzi.

Kuchapa ndi kusunga

Sambani m'manja musanavale ndiponso mukavula. Povula gwirani malasitiki okha, osati kutsogolo. Masiki ikanyowa, kaya ndi mpweya kapena mvula, sinthani; yonyowa imavuta kupumiramo ndipo sigwira bwino ntchito. Yendani ndi timatumba tiwiri, ka zoyera ndi ka zovalidwa. Osaitsitsira pachibwano kapena pakhosi pakudya.

Chapani tsiku lililonse mwaivala, ndi sopo wochapira wamasiku onse, pa madigiri 60. Mungathe kuiphatikiza ndi matawulo kapena zofunda. Ngati mukuchapa pamanja m'madzi ozizira, iwiritseni kwa mphindi imodzi mukatha. Iume gwaa musanaivalenso. M'nyumba zambiri za kuno zovala zimachedwa kuuma m'miyezi yozizira, ndipo nsalu yachinyezi imamera nkhungu. Lasitiki ikatha mphamvu kapena nsalu ikayamba kupyapyala, sokani ina.

Amene sayenera kuvala

Musaveke masiki mwana wosakwana zaka 3, chifukwa angabanike kapena kudzikola ndi zingwe. Musavekenso munthu amene sangathe kuivula yekha, amene wagona, kapena amene akuvutika kupuma. Mwana wamkulupo avale pali munthu wamkulu womuyang'anira, ndipo yake ikhale ya lasitiki osati ya zingwe zazitali. Kumbukiraninso kuti anthu osamva ambiri amawerenga milomo. Mukamalankhula nawo, talikiranani pang'ono kapena tulukani panja, kenako vulani.

Masiki silowa m'malo mwa katemera, kusamba m'manja kapena kutsegula mawindo pakabwera alendo. Katemera wa fuluwenza amaperekedwa kwaulere ndi NHS kwa anthu a zaka 65 kupita m'tsogolo, amayi oyembekezera, ana aang'ono ndi anthu amene ali ndi matenda ena okhalitsa. Funsani kwa GP wanu kapena ku famase.

Ngati matenda akukula kapena simukudziwa chochita, imbani 111 nthawi iliyonse, usana kapena usiku. Kuimbako n'kwaulere, ndipo mungapemphe womasulira. Munthu akamalephera kupuma mpaka kukanika kulankhula, akamamva kupweteka kwambiri pachifuwa, kapena milomo ndi lilime zikasintha mtundu, imbani 999.