Mkota wonenepetsa suswa bwino

Kunenepa kopitirira muyeso ndi chimodzi mwa zinthu zolepheretsa nkhumba zam'khola kutenga bere. M'midzi ya ku Phalombe, monga yozungulira Migowi ndi Chiringa, mpata wa vutoli umakula anthu akangokolola, pomwe madeya amachuluka m'zigayo. Nkhumba yotsekeredwa m'kakhola kothina imadya madeya m'mawa ndi madzulo koma siyenda, ndiye chakudyacho chimangosanduka mafuta. Mwini wake amanyadira poiona, koma thupi lokondweretsa wogula nyama silithandiza mkota woti uswe.

Nkhumba yaikazi imakhala pa nyere pafupifupi masiku 21 aliwonse. Mafuta akachuluka amasokoneza mahomoni oyendetsa nyerezo, moti zizindikiro zimabisika ndipo tsiku lokweretsa limadutsa mlimi osadziwa. Ikatenga bere, lomwe limatha masiku 114, mavuto ena amadikira pa tsiku loswa. Kuswa kumachedwa, ana ena amabadwa akufa, ndipo mayi wolemerayo pogona amapsinja tiana tochedwa kuthawa. Poyamwitsa sadya mokwanira, mkaka umachepa, ndipo akaletsa ana kuyamwa nyere sizibwera msanga m'sabata imodzi monga zimayenera. Nayo yamphongo ikanenepetsa imachita ulesi, miyendo imalephera kunyamula thupi pokwera.

Nyama zakutchire zosungidwa m'malo otchingidwa zimakumana ndi vuto lomweli. Panda wa ku China akakhala m'nkhalango amatha maola oposa 10 patsiku akudya nsungwi zopanda chakudya chambiri, koma akasungidwa amalandira chakudya osachivutikira. Wamkazi amakhala pa nyere kamodzi pachaka, kwa masiku atatu kapena ochepera apo, choncho akaphonya ndiye kuti chaka chonse chapita. N'chifukwa chake malo oswetsera nyamazi, monga a ku Chengdu omwe anakhazikitsidwa mu 1987, amasamala kwambiri za kulemera kwake.

Mlimi wa nkhumba safunika kukhala ndi sikelo. Aike chikhatho pamsana ndi m'chiuno mwa mkota n'kudinikiza. Mafupa akamveka podinikiza mwamphamvu, thupi lili bwino. Akapanda kumveka konse, mafuta achuluka. Mkota wa mtundu wa Large White kapena Landrace ukakhala ndi bere umakwanidwa ndi makilogalamu 2 mpaka 2.5 a chakudya chosakaniza bwino patsiku, kuwonjezera masamba a mbatata ndi bwalo loyendamo. Nthawi yoonjezera chakudya mosaumira ndi pamene ukuyamwitsa.